Thanga libwerere pa maboti athu, injini izipumako

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, Blantyre imasamukira kunyanja. Mabasi ndi maminibasi amanyamuka mbandakucha ku Wenela ndi ku Limbe, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, ndipo dzuwa likamafika paliwombo anthu amakhala atadzaza kale mumchenga ku Mangochi. Nyengo imakhala yokomera mlendo. Mwera wa Juni ndi Julaye watha mphamvu, mvula sinagwe, madzi afunda, mapiri a tsidya lija abisika mu utsi wa moto wa m'tchire. Chakumasana, patali pamatha kutulukira kansalu ka makona atatu, kopendekeka, kakuyenda mwakachetechete. Mafoni onse amaloza komweko. Anthu amajambula, n'kuika pa Facebook kuti nyanja yathu ndi yokongola, kenako n'kubwerera ku nyama yowotcha.

Kansalu kameneko ndi thanga, ndipo ndi mphamvu yoyendetsera boti m'dziko muno imene sidikira sitima ya mafuta ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Ine ndikuti thanga libwerere pa maboti a asodzi ndi a onyamula katundu, liziyenda limodzi ndi injini. Nkhaniyi ikutikhudza ife a m'tauni, chifukwa mtengo wa kamulu ka usipa pamsika wa Ndirande kapena wa Limbe umayambira m'chigubu cha petulo ku Msaka ndi ku Malembo.

Tiyambe ndi masamu a petuloyo. Maboti ambiri a matabwa amayendera injini zomangirira kumbuyo, zija zosakaniza petulo ndi oyilo. Injini ya mahosipawa 15 ikatsegulidwa mpaka kumapeto imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, pamene ya 40 imayandikira malita 20. Pa chigubu chilichonse cha malita 20 pamafunikanso oyilo wokwana mamililita 400, ndipo woumira pa oyiloyo amakalipira kwa makaniko injini ikanoka. Tiyerekeze boti la chilimira, ukonde wophera usipa usiku, limene limayenda ola limodzi ndi theka kukafika pamene pali usipa, n'kubwerako chimodzimodzi. Chigubu chatha, tisanawerengere kuzungulira poponya ukonde. Mwezi ukawala usipa subwera pa nyali, choncho tinene kuti pamwezi amalowa m'madzi masiku 20. Amenewo ndi malita 400, migolo iwiri yathunthu. Thanga likagwira ulendo umodzi wokha mwa iwiriyo, pa theka la masikuwo, mwini boti watsala ndi malita 100 m'manja. Sindikulonjeza zozizwitsa. Ndikunena za chigubu chimodzi pa zinayi zilizonse, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta mu Chipembere Highway akudziwa kulemera kwa chigubu chimodzi. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Injini, pulagi, pulopela, oyilo, zonsezi zimagulidwa ndi dola. Nsungwi ndi bulugamu zimamera kuseri kwa nyumba.

Thanga la makona atatuli linatifikira kuchokera kugombe la Indian Ocean. Ku Lamu, ku Zanzibar, ku Ilha de Moçambique ndi ku Vilankulo, zombo zimene Aswahili amazitcha jahazi ndi mashua zikugwirabe ntchito mpaka lero, kunyamula nsomba, matabwa ndi anthu. Amalinyero a kumeneko amawerengera chaka ndi mphepo ziwiri: kaskazi yochokera chakumpoto kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndi kusi yochokera chakumwera kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Kusi ameneyo ndi m'bale wake wa mwera wathu. Pa nyanja yathu zombo zoterezi zinadziwika kwambiri ndi Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ndipo ankawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa, paulendo wa ku Kilwa. Mbiri imeneyo ndi yowawa ndipo sitiyenera kuibisa. Mlandu wake unali wa ogulitsa anthu. Luso lokhoma chombo ndi lowerenga mphepo linatsala m'manja mwa ana a m'mphepete mwa nyanja, ndipo ku Likoma ndi ku Chizumulu likadalipo. Zombo za matanga osokedwa ndi matumba zimawoloka kupita ku Cobuè ku Mozambique n'kubwerako ndi nkhuni ndi chakudya.

Ndiponso mphepo tinkaidziwa kale zombozo zisanabwere. Taonani mayina a mbali zinayi za dziko m'chinenero chathu: kumwera, kumpoto, kuvuma, kuzambwe. Onsewo ndi mayina a mphepo. Nyanja ya Malawi inagona chotalika kuchokera kumwera kupita kumpoto, mtunda woposa makilomita 550, ndipo mwera umawomba motsatira utali wonsewo. N'chifukwa chake mafunde amene amayamba ngati makwinya ku Mangochi amakhala atakula ngati zulu akamafika ku Nkhata Bay ndi ku Chilumba. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946, m'nyengo ya mwera, ndipo anthu 145 anafera momwemo. Imeneyo inali sitima yachitsulo ya injini. Mwera wa pakati pa chisanu si wophunzirirapo thanga, ndipo palibe munthu wanzeru amene angauze msodzi kuti akauyese.

Mphepo imene ndikuikamba ine ndi ina, yofatsa, ya tsiku ndi tsiku, imene mlendo wa mu Okutobala amaimva pankhope ali pamchenga. Dzuwa likatentha mtunda, mpweya wa pamtundapo umakwera, ndipo wozizirirapo wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. Imayamba cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, imakula masana, n'kufooka dzuwa likapendeka. Usiku zimatembenuka: mtunda umazizira msanga kuposa madzi, ndipo mphepo imatsika kuchokera kumapiri kulowera panyanja. Wotuluka kutada amakankhidwa ndi mphepo yakumtunda, wobwerera dzuwa litakwera amakankhidwa ndi yapanyanja. Miyezi yotentha iyi ndi imene kusinthana kumeneku kumaoneka bwino kwambiri.

Kuika thanga pa boti la matabwa la mamita 7 kapena 8 si ntchito ya fakitale. Mlongoti ukhale wa bulugamu wowongoka, wautali mamita 4 ndi theka, wonenepa masentimita 10 kutsinde, wosendedwa makungwa ndi kuumitsidwa pamthunzi kuti usang'aluke. Umaima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa boti kuchokera kumphuno, utaweramira kutsogolo pang'ono. Pamene ambiri amalakwitsa ndi patsinde. Mlongoti ukangoima pathabwa la pansi, tsiku lina udzaliboola. Tsinde lake lilowe m'chipika cha mtengo wolimba ngati mlombwa, chogonekedwa pamsana wa boti modutsa nthiti ziwiri, ndipo pamwamba udutse m'thabwa lopingasa lonenepa masentimita 5, lomangidwa ndi mabawuti. Misomali imasololoka pang'onopang'ono mphepo ikamagwedeza mlongoti. Zingwe ziwiri zochokera kunsonga, china kumanja china kumanzere, zimauthandiza kupirira.

Thanga lenilenilo limapachikidwa pa nsungwi yaitali mamita 7. Nsungwi imodzi yotalika chonchi imakhala yolemera mbali imodzi ndi yofooka mbali inayo, ndiye amisiri amatenga ziwiri, n'kulumikiza matsinde ake mopitirirana mita imodzi ndi theka, nsonga zopyapyala zikuloza kunja, n'kukulunga polumikizapo ndi chingwe cha nayiloni. Ikhale nsungwi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposa, yodulidwa m'chilimwe ndi kuviikidwa m'madzi masabata angapo kuti isafumbwe. Chingwe chokwezera chimamangidwa pafupifupi mamita awiri ndi theka kuchokera kumapeto a m'munsi, n'kudutsa pa kagudumu kapena pabowo losalala kunsonga ya mlongoti.

Mbali ya thanga yotsatira nsungwi ikakhala mamita 7, ndipo kona yachitatu ikatalikira mamita 4 kuchokera pansungwipo, nsalu yonse imakwana masikweya mita 14. Thumba la makilogalamu 50 likang'ambidwa n'kutambasulidwa limapereka sikweya mita imodzi ndi kakang'ono, choncho matumba 16 mpaka 18 akwanira, kuphatikizapo zigamba. Msoko uliwonse upitirirane masentimita atatu ndipo usokedwe kawiri ndi ulusi wa nayiloni. M'mphepete monse asokereremo chingwe, chifukwa chingwecho n'chimene chimanyamula mphamvu ya mphepo, ndipo m'makona aikemo nsalu zitatu zosanjikiza. Pali chinsinsi china chimene telala wosadziwa nyanja sangachiganizire. Mbali yopita pansungwi isadulidwe mowongoka, koma motukuka ngati uta, masentimita 20 pakati. Ikamangidwa pansungwi yowongoka, nsalu yotsalayo imasanduka mimba ya thanga, ndipo mimbayo ndi imene imakoka boti. Thanga lopanda mimba limangopepheruka. La mimba yaikulu kwambiri limagoneka boti cham'mbali m'malo molipititsa kutsogolo. Mdani wa matumba ndi dzuwa, limene limawafumbutsa m'miyezi yochepa, choncho thanga likatsitsidwa likulungidwe n'kuphimbidwa. Wokhala ndi kangachepe agule lona wopepuka, ndipo atelala a m'makhonde a ku Limbe amene amasoka matenti ndi zikwama za sukulu akhoza kumusoka tsiku limodzi atapatsidwa miyeso.

Apa ndi pamene pagona vuto la maboti athu ambiri. Anakhomedwa poganizira injini, pansi pake m'posalala, ndiye mphepo ikawomba cham'mbali boti limatsetsereka ngati mbale pamadzi. Anthu amayesa thanga kamodzi, n'kuona akutengedwa kupita kumene sakufuna, n'kunena kuti thanga ndi lachabe. Chosowa ndi chinthu chogwira madzi pansi. Njira yotsika mtengo ndi thabwa la m'mbali: lotambalala masentimita 40, lonenepa masentimita atatu, lotalika mokwanira kuti mita imodzi ndi masentimita 20 zilowe m'madzi, losemedwa mozungulira kutsogolo ndi mopyapyala kumbuyo. Limakolekedwa kunja kwa boti, kumbuyo pang'ono kwa mlongoti, mbali imene mphepo ikupita, osati imene ikuchokera, kuti madzi azilikanikizira kuboti. Pofika pagombe kapena poponya ukonde limangokwezedwa. Powongolera, popeza pakati pa kumbuyo pakhala kale injini, nkhafi yaitali mamita atatu yomangirira pakona imagwira ntchito ya tsigiro. Injiniyo ipendeketsedwe kuti pulopela ituluke m'madzi, apo ayi imakoka boti ngati nangula.

Boti lotere limathamanga bwino mphepo ikamachokera m'mbali kapena chakumbuyo, makilomita 6 mpaka 8 pa ola pa mphepo yabwino. Musaone kuchepa. Boti lolemera la mamita 7 silipitirira kwenikweni makilomita 12 pa ola ngakhale mulikankhe bwanji, chifukwa limayamba kukwera funde lodzipangira lokha, ndipo petulo wowonjezerayo amangothera m'thovu. Kulowera kumene mphepo ikuchokera n'kumene thanga limagonja. Limayandikirako ndi madigiri 60 basi, ndiye pamafunika kuyenda mokhotakhota, ndipo makilomita 10 amasanduka 20. Pamenepo tsitsani thanga, lizani injini.

Zoopsa zilipo, ndipo pafupifupi zonse zimachokera pa chinthu chimodzi chimene anthu sachikhulupirira mpaka atachiona. Mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake pathanga imawirikiza kanayi. Pa makilomita 20 pa ola, pamene nsonga za mafunde zayamba kuyera apa ndi apo, thanga la masikweya mita 14 limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 30. Pa makilomita 40 pa ola afika cha m'ma 120, atagwira pamwamba pa mlongoti. N'chifukwa chake chingwe cha kukona ya thanga sichimangidwa mfundo. Chimakulungidwa kamodzi pachikhomo n'kugwiridwa m'manja, kuti mphepo ikabwera mwadzidzidzi munthu angotaya, thanga lipepheruke, boti liwongoke. Boti la thanga limatha kugubuduzika chifukwa choti wina anatopa kugwira chingwe n'kuchimanga kuti apumitse dzanja. Chingwe chokwezera nachonso chikhale chokulungidwa bwino, chosapondedwa ndi katundu, kuti nsungwi igwe pansi nthawi yomweyo ikafunika kugwa. M'mwezi wa Novembala, mitambo ya mvula yoyamba ikaunjikana pamapiri, yang'anani pamadzi. Mukaona mzere wakuda ukuyandikira, imeneyo ndi mphepo, ndipo thanga litsike mzerewo usanafike.

Chachiwiri ndi madzi a m'boti. Amaoneka ochepa, kungonyowetsa akakolo. Koma masentimita asanu okha pansi pa boti pamene m'litali ndi mamita asanu ndipo m'lifupi mita imodzi ndi theka ndi malita 375, kulemera kwa matumba a chimanga asanu ndi awiri ndi theka, ndipo onsewo amathamangira mbali imene boti lapendekera. Kukapa madzi kusamadikire kuti achuluke. Katundu wolemera akhale pansi ndi pakati, anthu akhale mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo asasunthe asanauzidwe. Zigubu zopanda kanthu za malita 20, zotsekedwa bwino ndi kumangirira pansi pa mipando, chilichonse chimayandamitsa makilogalamu pafupifupi 19. Ziwiri kapena zitatu zimalipira kulemera kwa injini ya 15, ndipo zisanu ndi chimodzi zimapatsa anthu pogwira boti likadzaza. Sizilowa m'malo mwa majekete oyandamitsa, koma zilipo kale pagombe lililonse.

Potembenuka pamafunika anthu awiri odziwa. Thanga la mtundu uwu silikhota molunjika mphepo ngati maboti a masewera. Woyendetsa amapatsa mphepo nkhongo, wina amamasula chingwe cha kukona, n'kuimika nsungwi pafupi ndi mlongoti, n'kuidutsitsa kutsogolo kwake kupita mbali inayo, thabwa la m'mbali nalonso n'kusamutsidwa. Mphepo ikakula, njira yabwino ndi kutsitsa thanga lonse, kukhota ndi nkhafi, n'kukwezanso. Ndipo pali mayeso amodzi amene boti lililonse liyenera kukhoza: wowongolera akasiya nkhafi, mphuno ya boti izikhotera yokha kumene mphepo ikuchokera, thanga n'kukhuthuka. Ikamathawira kwina, mlongoti uli patsogolo kwambiri kapena thabwa la m'mbali lili kumbuyo kwambiri, ndipo boti limenelo lisanyamule munthu lisanakonzedwe.

Mwini chilimira adzandiyankha kuti nthawi ndi ndalama, ndipo akunena zoona. Usipa ukachedwa kufika pathandala umafewa, mtengo n'kugwa. Makilomita 18 amene injini imadula pa ola limodzi ndi theka, thanga limadula pa maola awiri ndi theka, ndipo m'bandakucha, nthawi imene asodzi a usipa amabwerera, mphepo yakumtunda imakhala ikuwombabe mowatsekereza. Choncho kwa iwo thanga ndi la popita, boti lili lopepuka, ndipo injini ndi ya pobwera. Amene angapindule kwambiri ndi a matchera ndi a mbedza, onyamula nkhuni, chimanga, simenti ndi nsomba zouma kale, katundu wosathamangira ola. Ena adzati kutsitsa mtengo wa ulendo n'kumaliza nsomba. Chambo chinachepa chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono, masikito osanduka makoka, ndi kupha nsomba m'nyengo yoswana. Thanga silisintha diso la ukonde.

Chopinga chenicheni ndi manyazi. Pagombe, injini ndi chizindikiro choti munthu wakwera, ndipo mnyamata amaona thanga la matumba ngati chovala cha umphawi. Koma m'magulu ambiri a asodzi ndalama ya petulo imachotsedwa kaye anthu asanagawane, ndiye chigubu chopulumutsidwa chimalowa m'thumba la mnyamata yemweyo. Ndipo injini zimafa. Pulagi imanyowa, petulo wa m'zigubu amabwera ndi madzi, chingwe cholizira chimaduka, boti lili makilomita 15 kuchokera kumtunda. Nkhafi ziwiri sizingabweze boti lodzaza polimbana ndi mphepo, ndipo anthu amatengedwa usiku wonse mpaka kukapezeka tsidya la Mozambique, akakhala ndi mwayi. Thanga lokulungidwa m'mbali mwa boti silidya kanthu, koma tsiku limenelo ndi limene limabweza ana a eni kwawo.

Zipangizo zophunzitsira tili nazo. Ku Mpwepwe ku Mangochi kuli Malawi College of Fisheries, ku Monkey Bay kuli sukulu ya za pamadzi, ndipo kuno ku Chichiri kuli yunivesite ya MUBAS, kumene ophunzira za uinjiniya amafuna ntchito yeniyeni yoti ayese asanamalize maphunziro. Ayeze maboti amene akukhomedwa m'magombe athu, atulutse pepala limodzi la miyeso m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga: boti la utali uwu, mlongoti apa, thanga lalikulu chonchi, thabwa la m'mbali apa. Bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA liike zimenezi m'maphunziro a ukalipentala a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Aphunzitsi oyamba akhale akuluakulu a ku Likoma ndi ku Chizumulu amene akuyendetsabe zombo, ndipo alipidwe monga akatswiri, chifukwa akapita iwowa tidzayamba kuitanitsa alendo kudzatiphunzitsa za mwera wathu womwe. Nthambi yoona za nyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre muno, imachenjeza kale za mwera pawailesi. Woyendetsa thanga amafunikanso kumva liwiro lake m'makilomita ndi ola limene ukuyembekezeka kuyamba. Eni malo ogona alendo ku Mangochi, amene amadzaza pa tsiku la anakubala, akhoza kuika mphoto ya mpikisano wa maboti a matanga monga amachitira ku Lamu. Mnyamata amene wawomberedwa m'manja ndi gombe lonse sadzachitanso manyazi ndi thanga.

Kwa mwini boti amene akufuna kuyesa, nyengo yake ndi ya mu Okutobala, mwera utatha ndipo mvula isanayambe. Ayambe ndi thanga laling'ono, la masikweya mita 8 kapena 10. Boti likhale lopanda ukonde ndi katundu, mukhale anthu anayi odziwa kusambira, atavala majekete, ndi matumba awiri a mchenga pansi. Atuluke cha m'ma 9 koloko m'mawa, mphepo yapanyanja ikungoyamba, kuti china chikavuta iwakankhire kugombe, ndipo asapitirire kilomita imodzi. Ayende motsatira gombe, atembenuke, abwerere, kakhumi kapena kuposa, mpaka wogwira chingwe azimva mphepo m'dzanja lake isanapendeketse boti. Akatero asiye nkhafi yowongolera aone kumene mphuno ikhotere, asunthe thabwa la m'mbali masentimita 10 kutsogolo kapena kumbuyo, ayesenso. Ukonde ukwere m'botimo sabata yachiwiri.